Chitenge pa Monita

"Febby, mwana wanga, tayang'ana bwino. Ichi ni chitenge chathu?"

Amayi Selestina anali atayala zithunzi patebulo la pakhonde la nyumba yawo, ku mapuloti a ku Chalimbana. Pambali pa zithunzizo anaika chitenge chenichenicho, chimene amayi makumi asanu ndi limodzi anavala pa kicheni pate, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, ya mwana wawo Clarissa. Chinali chofiira moderako ngati phwetekere wopsera pamtengo, chokhala ndi masamba agolide. Koma pazithunzi chinatuluka ngati njerwa yakale imene yagona pamvula. Nkhope ya Clarissa nayo inali yotuwa, ngati ya munthu amene wangochoka kuchigayo.

Febby ndiye anajambula phwando lonselo, ndipo anatha masiku atatu akukonza zithunzizo pa laputopu yake.

"Amayi, pa sikirini yanga zinali kuoneka bwino," iye anatero motsitsa mawu.

"Nanga ine nizapachika sikirini yako pakhoma? Komiti inayenda mwezi wathunthu kusakila mtundu uyu. Manje achibale a mwamuna akaona izi, azati tinavala masaka." Amayi Selestina anasonkhanitsa zithunzizo n'kumubwezera. "Ukwati ni Loweruka la sabata yamawa. Kuli mnyamata wa ku Lusaka wamene anilonjeza kuti angabwere kujambula. Nakupatsa mpaka Lachisanu. Ukabweretsa njerwa futi, nimuitana."

Febby anangopempha chinthu chimodzi, kachidutswa ka chitenge kamene kanatsala kwa telala. Amayi Selestina anamuyang'ana modabwa, koma analowa m'nyumba n'kumutengera.

Pobwerera anadzera pa boma la Chongwe, kwa a Chiza, bambo wachikulire amene ankatsuka zithunzi kuseri kwa msika. A Chiza anatsegula laputopu ya Febby, nayang'ana chithunzi chimodzi, kenaka anayang'ana kansalu kaja.

"Makina anga alibe mlandu, mlongo wanga," anatero mofatsa. "Sikirini yako iyi ni ya bodza. Iwala maningi, ikometsa chilichonse. Iwe uona monga kufiira kwachuluka, uchepetsa. Uona monga nkhope yawalitsa, uchepetsa. Pepala silinama, litulutsa chamene wachita."

Kunyumba, nkhani ya kompyuta yatsopano sinali yachilendo. Ricky, mwamuna wa Febby, ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Lusaka, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera minibasi. Chaka chonse awiriwa ankasungira kompyuta imodzi yamphamvu, yoti Febby azikonzera zithunzi masana, Ricky azisewerapo magemu ake a mpira ndi a magalimoto akaweruka. Febby anamusiyira mwamuna wake zosankha zipangizo, poti iye ndiye ankazidziwa mayina. Ricky analemba mndandanda kuseri kwa kalendala yakale, ndipo ankauwerenga mokweza ngati phunziro la kutchalitchi. Panali purosesa, imene ndi ubongo wa kompyuta. Panali galafikisi khadi ya mafani atatu, yoyendetsa magemu. Panali bokosi lagalasi la nyali zosinthasintha, ndi monita, sikirini ya kompyuta, yaikulu yopindika ngati uta.

"Tipite Lachitatu," Febby anamuuza madzulo a tsikulo, atamufotokozera za Amayi Selestina. "Mupemphe hafu deyi kuntchito."

Ricky analumpha pampando. "Amake Kasuba, lelo mwakamba monga mngelo! Ija monita yopindika, mukaiona chabe, mavuto anu onse asila."

Lachitatu m'mawa, Febby atamuperekeza Kasuba, mwana wawo, kusukulu, anayala kansalu kaja pamthunzi wa mpapaya, naika pepala loyera pambali pake, n'kukajambula ndi kamera. Chithunzicho sanachikonze ngakhale pang'ono. Anachiika pa fulashi, kachipangizo konyamulira zithunzi, nakulunga fulashiyo m'kansalu komweko, n'kuika m'chikwama.

Sitolo ya makompyuta inali m'kati mwa tauni, yopapatiza ndi yozizira, yowala ndi machubu oyera a magetsi. Mwini wake, Greenwell, anali mnzake wa Ricky wa pa magemu. Atangoonana anayamba kulankhula chinenero chawo cha manambala. Greenwell anatsitsa galafikisi khadi ija pashelefu, naigwira ndi manja awiri ngati khanda. Kenaka anayatsa monita yopindika. Magalimoto anathamanga pamenepo mosalala, mitundu ikuthwanima.

"Mwaona, mlamu?" Greenwell anatero kwa Febby. "Iyi ni ndeke. Zithunzi zanu zizaoneka monga za mu magazini."

"Nipempheko, ba Greenwell," Febby anatero akutulutsa fulashi. "Muniikileko ichi."

Chithunzi cha kansalu chinadzaza monita yonse. Chinali chofiira ngati moto, masamba agolide aja akuwala ngati ayaka.

"Eya!" Ricky anaomba m'manja. "Onani kukongola!"

Febby anafunyulula kansalu kenikeni n'kukagwira pambali pa monitayo. Anayang'ana uku, nayang'ana uko. Anasendera kumanzere pang'ono, ndipo kufiira kwa pa monita kunasintha, kunayamba kudera m'mphepete.

"Yakongola, ee," anatero. "Koma si ichi chitenge."

"Chofiira ni chofiira, amake Kasuba."

"Inu ba Ricky, tsiku lija munanigulila nsapato za bulauni n'kumati ni zakuda. Lekani nione nekha." Anatembenukira kwa Greenwell. "Muli na ena mamonita?"

Analipo ena atatu. Greenwell anawayatsa onse monyinyirika, naika chithunzi chomwecho. Febby anayenda ndi kansalu kake kuchoka pa woyamba kufika pa womaliza, kenaka anayang'ana kudenga, kumene kunali machubu a magetsi, napukusa mutu.

"Muno siningaone bwino. Magetsi aya asintha nsalu. Tiwatulutse pakhomo."

"Tiwatulutse?" Greenwell anaseka. "Mlamu, ino si salaula ya zovala zakale."

"Ine chitenge sinigulila mukati mwa shopu. Nimachitenga, naima nacho pakhomo, nachiona pa kuwala kwa Mulungu. Mufunse amayi anu ngati ninama. Manje ichi chinthu nizakhala nacho zaka, nichigule mu mdima?"

Greenwell anayang'ana Ricky kuti amuthandize. Ricky anayang'ana pansi, chifukwa ankalidziwa liwu limenelo. Linali lofatsa, koma silinkabwerera m'mbuyo. Patapita kanthawi, amuna awiriwo anakoka tebulo mpaka pakhomo, pamthunzi pamene kuwala kwa masana kunkafika popanda dzuwa kuwomba. Analumikiza nthambo yaitali, nandandalika mamonita anayi ngati ana asukulu pamzere.

Anthu odutsa anayamba kuima. Mayi wina wogulitsa nthochi, wa beseni pamutu, anafika pafupi n'kufunsa ngati akuonetsa mpira.

"Awe, amayi," Febby anatero. "Nithandizeni maso. Pa izi zinayi, ni iti yamene ifanana na aka kansalu?"

Mayiyo anatula beseni. Anatenga kansaluko, nakapukusa pakati pa zala monga amachitira munthu wodziwa nsalu, kenaka anayang'ana mamonitawo mmodzimmodzi. Pa yopindika ija anafwenthera.

"Iyi ni ya bamene bavina mu mabala," anatero, ndipo anthu anaseka. Anapitirira yachiwiri ndi yachitatu. Analoza yomaliza, monita yafulati yakuda, yopanda chokongoletsa chilichonse, imene Greenwell anaitulutsa kuseri kwa makatoni ili ndi fumbi. "Ni iyi."

"Mwayi chabe," Ricky anang'ung'udza.

Febby anaitana atsikana awiri ovala yunifolomu ya kubanki amene ankapita kukadya. Sanawauze zimene mayi wa nthochi anasankha. Onse awiri analoza yafulati ija. Anaitananso gogo wina amene ankadikira basi, nayenso analoza yomweyo, n'kufunsa kumene chitengecho chimagulitsidwa. Mlonda wa sitolo yoyandikana, mwamuna, anayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti zonse zinayi n'zofanana. Amayi aja anamuseka mpaka anabwerera pampando wake.

Greenwell anakanda m'mutu. "Iyi monita inabwera na pepala lake la ku fakitale, ati mitundu anaipima imodziimodzi. Miyezi eyiti ili pano, kulibe anaifunsapo. Bonse bafuna yothamanga." Anatsokomola pang'ono. "Koma mlamu, ni yodula kupambana yopindika."

Apa ndi pamene nkhope ya Ricky inagwa. Ndalama zimene anasunga zinkangokwanira mndandanda wake ndendende. Kuti monita iyi ilowe, china chinayenera kutuluka. Anatulutsa kalendala yake m'thumba, naiyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti asankhe mbuzi yopha m'khola lake.

Febby anaima pafupi naye, nalankhula motsitsa kuti anthu asamve. "Atate ake Kasuba, sinifuna kukulandani magemu. Mwayembekeza chaka, niziwa. Koma nikaluza uyu ukwati, Chongwe yonse izamva kuti Febby asandutsa anthu njerwa. Niuzeni imwe, pa ivi vonse, ni chiti chamene gemu siingayende popanda icho?"

Ricky anatenga bolopeni ya Greenwell.

"Bokosi lagalasi lichoke," anatero pang'onopang'ono. "Nyali sizichaya bola." Anakhwatcha. "Kwathu kuli fumbi la mseu wa ku Kanakantapa. Tipatseni lija lachitsulo, la sefa kutsogolo."

"Sizikwanabe," Greenwell anatero.

Ricky anayang'ana galafikisi khadi ya mafani atatu imene inali pa kauntala. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Ija ya mafani awiri, mng'ono wake wa iyi, ingakwanitse mpira pa iyi monita?"

"Ingakwanitse bwino. Olo magalimoto. Iyi yaikulu inali ya kumeka chabe, yodzionetsera, tikambe zoona."

"Iwe, si ndiwe unaniuza kuti popanda iyi nili monga munthu wa njinga?"

"Nenze kugulitsa, mwana."

Onse anaseka, ndipo Ricky anakhwatchanso. Kenaka anachita chimene Febby sanayembekezere. Anafunsa kuti zithunzi za ukwati umodzi zimakhala zingati. Febby atayankha kuti zimapitirira chikwi, ndipo laputopu imaima akatsegula khumi zokha, Ricky anauza Greenwell kuti pa zimene zatsala awonjezere ramu, kuti makina azitha kunyamula zithunzi zambiri nthawi imodzi. Purosesa yokha sanalole kuti isinthidwe.

"Ubongo tisaukhudze," anatero. "Uyu tiugwiritsa tonse."

Anakwera minibasi ya ku Chongwe dzuwa likupendeka. Febby anakana kuti monita ipite kumbuyo ndi matumba a feteleza. Anailipirira mpando wake, naikumbatira njira yonse ya Great East, kondakitala akumuseka kuti mwanayo bwanji salira. Atafika, Ricky anayala zipangizo patebulo lodyera, namanga kompyutayo ndi sikuludiraiva imodzi, lilime lili panja. Itayaka koyamba, anakuwa mpaka nkhuku za aneba zinadzidzimuka.

Lachinayi m'mawa Febby anakhala pa zithunzi za kicheni pate. Anayambiranso pachiyambi, kansalu kali pambali pa kiyibodi. Makinawo sanaime ngakhale kamodzi. Ntchito imene kale inkamutengera masiku atatu inatha Kasuba asanabwere kusukulu. Anathamangira kwa a Chiza, ndipo chithunzi choyamba chitatuluka m'makina, bamboyo anachigwira m'mphepete, navula magalasi, nawavalanso.

"Aha," anatero.

Lachisanu Febby anapeza Amayi Selestina ali pakhonde ndi amayi awiri a m'komiti, akusankha mpunga wa ukwati. Anapereka envulopu ndi manja awiri, nakhala pamkeka.

Amayi Selestina anapukuta manja, natulutsa zithunzizo. Choyamba chinali cha gulu lonse, amayi makumi asanu ndi limodzi atafola pabwalo, chitenge chawo chili chofiira moderako, masamba agolide akuoneka limodzilimodzi. Amayi a m'komiti anasiya mpunga. Wina anadzipeza pamzere wachiwiri n'kuyamba kululuta. Koma Amayi Selestina anapitiriza kutembenuza mpaka anafika pa chithunzi cha Clarissa atagwada, atangovundukulidwa nsalu kumutu. Khungu lake linali lakuda bwino, losalala, kuwala kukutsetsereka patsaya. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapukuta diso ndi nsonga ya chitenge chawo.

"Uyu ndiye mwana wanga," anatero.

Anatenga foni pomwepo, Febby akumva. "Halo? Ee, ni Mai Selestina ba ku Chalimbana. Ija nkhani ya Loweruka, musavutike kubwera. Tili naye wathu kuno." Anadula foni, natembenukira kwa Febby, nkhope itabwerera kuuma kwake kwa masiku onse.

"Sikisi koloko m'mawa ukhale wafika, mkwatibwi akalibe kuvala. Ndipo udyeletu kwanu. Sinifuna wojambula wonjenjemera manja."