Chala cha Abambo pa Galasi la Wotchi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga wa pamtima.

Abambo anali okonza mawotchi. Patatha masabata asanu atamwalira, Amayi ndi amalume anapita kukachotsa katundu m'kashopu kawo, ine ndinatsatira. Pa tebulo panali wotchi imene sanamalize kukonza, timasikuluwu tili m'chivundikiro cha botolo. Nditaipendeketsa pa windo ndinaona chidindo cha chala chachikulu pa galasi lake. Chala cha mafuta. Chawo.

Amalume anali atayamba kale kupukuta chilichonse ndi kansanza.

"Mwanawe, sendera uko ndipukute. Mwini wotchiyo akubwera masana ano."

"Dikirani pang'ono, amalume."

"Ndidikire chiyani? Ukufuna kuigoneka ngati mwana?"

Ndinangotsegula dirowa n'kutulutsa kamera.

Kamerayo ndi ya masiku ano, yopanda kagalasi m'kati, umangoonera pa sikirini. Koma lenzi yake ndi yakale, yachitsulo, yojambulira tinthu ting'onoting'ono. Abambo ankaonetsera nayo makasitomala dzino lothyoka la m'wotchi. Lenziyi sidzisaka yokha. Umazunguliza ndi dzanja mpaka chinthu chioneke, ndipo pooneka bwino pamakhala popyapyala ngati tsitsi. Ukangopuma, zathawa.

Ndinazunguliza. Mbuu. Ndinabweza. Mbuu. Pa sikirini pankangobwera nkhungu yachikasu. Ndinadina kakhumi.

Apa m'pamene ndinawamva Abambo. Sindikunena kuti ndinaona mzukwa ayi. Koma kukhutu kwanga kwa kumanzere, kumene ankaima pondiphunzitsa, kunafunda.

"Siya kuzunguliza, mayi wanga. Lenzi ikhale pomwepo. Suntha iweyo. Usapume."

Ankanditchula choncho chifukwa anandipatsa dzina la mayi awo.

Ndinatsamiritsa zigongono pa tebulo, n'kugwira mpweya, n'kuyamba kusendera kutsogolo pang'onopang'ono. Mizere inatuluka m'nkhungu muja, yokhotakhota ngati mizere ya m'munda wa pa phiri. Ndinadina. Mtima unati sendera pang'ono, uone zonse. Ndinaiwala zimene ankandiuza tsiku ndi tsiku, zoti lenzi imeneyi ukaizunguliza mpaka kumapeto imatalika, mphuno yake imakhala pafupi kuposa mmene ukuganizira.

Khwe.

Chitsulo chinakhudza galasi, wotchi n'kutsetsereka. Ndinaigwira msanga isanagwe, chala changa chili pa chidindo pomwepo. Nditachichotsa panangotsala mafuta opakika. Kukhutu kuja kunazizira.

Amalume sanapukute ndi iwo. Ndinafufuta ndine.

"Watani kodi? Nkhope ngati wameza sikuluwu," anatero amalume.

Ndinakhala pa mpando wa Abambo n'kuyamba kuona zithunzi. Khumi mbuu. Chomaliza nachonso chinali mbuu m'mbali monse, koma pakati panali kampata kooneka bwino, mizere isanu ndi umodzi, ndi kamzere kena kowongoka kodula yonseyo.

Amayi anaima kumbuyo kwanga atanyamula katoni. Anaitsitsa.

"Takuza pamenepo."

Ndinakuza.

"Chipsera ichi," anatero. "Anachekedwa ndi sipuling'i ya wotchi ya pakhoma. Tinali tisanakwatirane. Anabwera kwathu chala chili chomanga, n'kumanama kuti walumidwa ndi galu kuti ndimumvere chisoni."

"Galu wake uti, mlamu ankaopa ndi nkhuku yomwe," anatero amalume. Kansanza kaja anakaika m'thumba.

Amayi anakhudza sikirini ndi chala, pang'onopang'ono, kutsata kamzereko. Sindinawauze kuti chidindo chenichenicho ndinachiwononga ndine. Mpaka lero sakudziwa kuti chinali chathunthu.

Kamera ili kuchipinda kwanga. Lenzi sindinaizungulizenso, ili pomwe inali tsiku lija. Nthawi zina ndikaweruka ndimaiyatsa, ndimatsamiritsa zigongono, ndimagwira mpweya mpaka m'chifuwa muwawe, khutu la kumanzere lili tcheru.