Chaka Chimene Tinaleka Kuzira Tchalitchi

Simenti inalowa m'tchalitchi chathu m'chaka cha 1957. Mpingo wonse unasangalala kupatula ine Zelifa, ndipo chifukwa chake ndinauza munthu mmodzi yekha.

Tchalitchicho chili m'mbali mwa njira yochoka ku Namitete kupita ku Nsaru. Masiku amenewo chinali cha denga la udzu, pansi pake dothi, ndipo Loweruka lililonse amayife tinkakazira, ine ndikutsogolera. Tinkabwera ndi dothi lakuda la kudambo, n'kulisungunula m'miphika yakale, n'kumapaka ndi manja titagwada, kuyambira kuguwa kubwerera chammbuyo mpaka pakhomo. Likayamba kuuma tinkakhulunga ndi nkhulungo, timiyala tosalala ta kumtsinje. Ntchitoyo inali yaifupi, koma ife tinkaikoka mpaka dzuwa kupendeka. Nanga nyimbo tikanaimbira kuti? Miseche tikanadyera kuti?

Koma changa chenicheni pa Loweruka chinali Yunisi, mng'ono wanga wondiponda pamutu. A Mavuto, mlimi wa fodya wa kutsidya kwa mtsinje, anamutenga chitengwa. Sankamumenya ayi, ndisawanamizire alamu angawo. Kungoti ankaona ngati mkazi akatuluka pakhomo fodya yense afota. Lamulungu ankabwera naye panjinga, ndipo mapemphero akangotha anali atamukweza kale, ife tisanafunsane n'komwe za ana. Loweruka lokha ndi limene ankamulola kubwera yekha, poopa manyazi pamaso pa akulu a mpingo. Ndiye tinkagwada moyandikana, phewa ndi phewa, iye akundikhuthulira zonse za sabata yathunthu. Ankaseka mokweza mwana ameneyo, mpaka akazi a aphunzitsi kutiyang'ana.

Amuna athu amene anali ku Joni atatumiza ndalama za simenti, akulu a mpingo anakatenga mmisiri ku Namitete, bambo Ambrose. Anali Mkatolika ndipo ena anang'ung'udza, koma wodziwa simenti kwathu kunalibe. Anapangana kuti alandire theka poyamba, theka linalo pansi pakauma. Anafika pangolo ndi matumba, wilibala, mafosholo, thabwa losalazira, mpeni wa amisiri ndi levulo, kachipangizo koonera ngati pansi pawongoka. Anali munthu wamfupi, wosalankhulitsa, wokonda ntchito yake mopitirira.

Tsiku lothira konkire linali la mu Okutobala, dzuwa lili phwe. Bambo Ambrose anatulukira atavala jombo zofika m'maondo, magolovesi osoka okha kuchokera ku chubu cha galimoto, ndi kansalu pamphuno. Tinaseka kobisa, poti ankaoneka ngati akukafula njuchi. Iwo sanasamale. Anatisonkhanitsa tonse pansi pa mbawa.

"Abambo ndi amayi, ichi si dothi," anatero. "Simenti imadya khungu, ndipo siyamba kupweteka pomwepo. Wopanda jombo asaponde, wopanda magolovesi asagwire. Amayi, inu mutithandize madzi basi."

"Madzi basi?" ndinafunsa ine. "Bambo, ife pansi pano tazira zaka khumi ndi ziwiri."

"Ndaona, mayi, ndipo munkazira bwino. Koma kuyambira lero mwapuma."

Ankati akundisangalatsa. Amayi ena anaululutira. Yunisi anali pambali panga ndi mtsuko pamutu, ndipo sanaseke. Tonse awiri tinadziwa kuti ngati kuzira kwatha, a Mavuto sadzamulolanso kuwoloka mtsinje Loweruka.

Abambo anayi amene anabwerekedwa jombo ankasakaniza panja, mchenga, miyala ndi simenti, n'kumalowetsa pawilibala. Ine ndinkasuzumira pazenera nthawi iliyonse ndikatula mtsuko. Ndinaona bambo Ambrose atagwada pathabwa, akusalaza kuyambira kuguwa kubwerera chammbuyo, ndendende mmene tinkachitira ife. Ndipo mtima wanga unayamba kundinamiza. Ndinati ndikawaonetsa akulu a mpingo kuti dzanja la mkazi limasalaza kuposa chitsulo, adzaona kuti pansi pa simenti pamafunikabe amayi ake Loweruka. Zinali nzeru zopusa, ndikudziwa. Koma zina ndinalibe.

Masana, mmisiri anatuluka kukakalipira abambo amene anachulutsa madzi. Pakona ya kumbali ya amayi panali wilibala imodzi yongokhuthulidwa, yosasalaza. Ndinalowa, ndinakwinya nsalu, ndinagwada m'konkiremo ndi maondo opanda kanthu, n'kuyamba kupaka ndi manja. Inali yozizira bwino, yofewa ngati dothi la kudambo.

"Akulu, simunamve zimene anena aja?" ananong'ona Yunisi ali pakhomo.

"Iwe, dothi ndi dothi. Ndipatse nkhulungo yanga."

Anandipatsa, poti chikhalire sanandikanirepo. Ndinakhulunga nthawi yaitali ndithu, ndipo pakonapo panatuluka bwino. Mpaka lero ndimanenabe kuti panatuluka bwino.

Bambo Ambrose atalowa sanayang'ane n'komwe pansipo. Anataya mpeni, anandigwira pamkono n'kundikokera panja. Mwamuna, Mkatolika, kugwira mkazi wamwini pagulu! Koma nkhope yawo inali itasintha. Anandikhuthulira mtsuko wonse m'manja, wachiwiri m'maondo.

"Pitani nawo kuseri muwavule nsalu yakhala ndi simentiyo," anauza Yunisi. "Muzithira madzi osaleka, ngakhale anene kuti kwakwana."

"Sindikumva kalikonse, bambo," ndinatero monyada.

"Mumva," anayankha.

Dzuwa lisanalowe ndinali ngati ndafumbata makala. M'mawa mwake khungu la kuzala linali litasupuka, m'maondo muli zilonda zofiira. Sindikanatha kugwira chikho, ngakhale kumanga nsalu yanga yomwe. Amuna anga anali ku Joni, ndipo ndinakhala pakhonde manja ali m'mwamba, ndikudzitukwana.

Mmisiri anabwera tsiku lomwelo ndi nsalu zoyera zomangira zilonda. Anakhala pa mpando patali pang'ono.

"Mayi, ndinanena pagulu, inu mukumva. Munachitiranji?"

Ndinafuna kuwayankha mwamwano, koma m'malo mwake ndinalira. Ndinawauza zonse, za chitengwa, za njinga, za Loweruka. Anamvetsera akuyang'ana jombo zawo. Nditamaliza sananditonthoze, anangodzuka n'kutsazika.

Madzulo ake anaitanitsa akulu a mpingo pamodzi ndi a Mavuto. Ine ndinamva kwa amene analipo.

"Konkire ikauma msanga imang'ambika," anawauza. "Iyenera kufunditsidwa ziguduli n'kumathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Ndi dzuwa ili, ndikufuna masiku khumi ndi anayi. Mtsogoleri wa amayi wavulala. Ndikupempha mng'ono wake, chifukwa ndaona kuti sataya madzi m'njira."

"Kodi si paja munati masiku asanu ndi awiri?" anafunsa mkulu wina. "Ndiye kuti theka lanu lija lidikiranso sabata ina, eti?"

"Lidikire," anatero bambo Ambrose.

A Mavuto anayang'ana uku ndi uku, koma maso onse anali pa iwo. Anavomera. Ndipo poti munthu sangawoloke mtsinje kanayi pa tsiku, anavomeranso kuti Yunisi azigonera kwa ine.

Ndakhala zaka zambiri, koma masiku khumi ndi anayi amenewo sindinawaonenso ofanana nawo. Manja ankandipweteka kwabasi, ndipo ndinali wokondwa. M'mamawa Yunisi ankapita ndi amayi ena kukanyowetsa ziguduli, ine ndikutsimphina pambuyo kuti ndikawalamule, poti pakamwa sipanapse. Tikabwerako ankandisambitsa, kundipesa, kundidyetsa ndi dzanja lake ngati khanda, uku akunditonza kuti mkulu wanzeru ndi ameneyu. Tinkadya mango osapsa ndi mchere mpaka mano kuyayamira. Tinkagona mphasa imodzi monga tili atsikana. Tinakumbutsana za mayi athu, za mbuzi imene inadya diresi la Yunisi la ubatizo, za anyamata amene tinawakana. Tsiku lina anandiuza kuti kutsidyako amatha sabata yathunthu osaseka, chifukwa palibe womuseketsa. Ananena mopepuka, akusenda chinangwa.

Bambo Ambrose ankabwera panjinga masiku atatu alionse kudzaona pansi pawo. Ankayamba ayang'ana konkire, kenako manja anga. Za zimene ndinawauza zija sanatchulenso.

Tsiku lakhumi ndi chinayi tinachotsa ziguduli. Pansi panali see, potuwa, pozizira. Mmisiri anayenda paliponse akugogoda ndi chigwiriro cha hamala, akumvetsera. Akulu a mpingo anawapatsa theka lawo lija, aphunzitsi anapemphera, ndipo amayi anaimba nyimbo yoyamika. Ana anayamba kutsetsereka ndi matako pansipo mpaka anathamangitsidwa.

Anthu atabalalika ndinawatsatira ali pomanga zida zawo pangolo. Yunisi anali atamanga kale kamtolo kake, ataimirira pakhomo.

"Bambo," ndinatero motsitsa mawu, "pansi pamenepa padzayamba liti kung'ambika, kuti amayife tidzakonze?"

Anasiya chingwe n'kundiyang'ana. Ndinaona kuti amvetsa chimene ndinkapempha.

"Mayi, masiku ndinatha kuwonjezera. Koma ntchito sindinathe kuiononga. Pamenepa mudzayendapo inu, ana anu ndi zidzukulu zanu. Pepani."

Ndinamuperekeza Yunisi mpaka pamtsinje. Madzi anali ochepa, ndipo anawoloka podumpha pamiyala. Ali kutsidya anatembenuka n'kukuwa kuti ndisagwire madzi a phulusa manja asanapole. Ndinakuwanso kuti asandiphunzitse, mkulu ndine.

Loweruka lotsatira ndinapita kutchalitchi ndi tsache, nditalipana m'khwapa. Tinabwera amayi atatu okha, ndipo tinamaliza kusesa dzuwa lisanatenthe. Anzangawo anatsazika. Ine ndinakhala pakhomo kuyang'ana njira ya kumtsinje mpaka masana, ngakhale ndinkadziwa kuti sikubwera munthu.