Kapepala ka Pansi pa Dzina la Mayi

Mlungu wathunthu Dokotala anangoyenda ndi envulopu m'chikwama, kuopa kuitulutsa. Udokotala wake unali wa mitengo, ndipo dzinalo anam'patsa ndi bambo ake pomuseka. Koma za mu envulopumo sizinali zoseketsa.

Zaka makumi atatu zapitazo, bambowo anapeza mtengo wa masamba aubweya kunsi, nalengeza kuti ndi mtundu watsopano. Anautcha dzina la mkazi wawo. Mayiwo anamwalira, dzina n'kutsala pamtengo. Tsopano mwana wawo yemwe, atayeza DNA ya masambawo, anapeza kuti ndi mtengo womwewo wodziwika kalekale ndi dzina lina. Dzina la mayi linayenera kuchoka m'mabuku, wolichotsa n'kukhala iye. Mtima unkamuwawa zedi.

Anawapeza bambo ake kuntchito kwawo kwakale, m'chipinda chosungiramo masamba ouma. Anapuma ntchito inde, koma mdala ameneyu kukhala pakhomo ankakuyesa matenda.

"Bambo, ubweya uja umamera mtengowo ukakhala pouma," anatero Dokotala, akuwapatsa mapepala. "Ndi mtundu umodzi."

Bambowo anawerenga mpaka tsamba lomaliza, magalasi ali pansonga pa mphuno.

"Unayeza kangati?"

"Katatu."

"Ine ndinayang'ana kamodzi, ndiponso ndinali m'chikondi."

Anatsekula kabati, natulutsa pepala lolimba lomwe anamatapo nthambi youma ija. Pakona panali kapepala ka dzina la mayi, inki itazilala. Dokotala anatambasula dzanja kuti akamatule yekha, bambo ake asavutike nazo. Iwo anam'menya pang'ono pa zala.

"Anthu a makina inu, sukulu yonseyi osadziwa? Muno sitimatula kanthu. Wokonza amalemba kapepala kake, n'kukamata pansi pa kakale, kuti obwera m'mbuyo aone mmene tinayendera."

Anam'patsa cholembera chawo. Dokotala analemba dzina loyenera, tsiku, ndi dzina lake, m'zilembo zopendama. Bambowo anapaka guluu, namata, nasindikiza ndi chala chachikulu nthawi yaitali kuposa mmene guluu amafunira.

"Zilembo zoipa ngati za amayi ako," anatero. Kenaka anam'kokera pafupi kuti aone timapepala tiwirito. "Taona, wakhalanso pamiyendo pa amayi ako."

Dokotala analira, bambo ake n'kusunthira pepalalo kutali kuti misozi isanyowetse masamba.