Mazira a Bakha wa Achemwali

Thadzi litatuluka m'dengu Lachitatu m'mawa ndi anapiye ake anayi, silinachewukenso. M'dengumo munatsala mazira asanu ndi limodzi, akuluakulu, otuwa, ali duu ngati miyala ya mumtsinje.

Safina analigwira thadzilo nkulibwezera. Linalumpha. Analibwezeranso, linamujompha padzanja nkuthamangira panja pomwe anapiye ankalira.

"Asukusa amenewo," anatero amuna ake, Che Idi, akumanga nsapato kuti apite kukadula mitengo ya paini. "Nkhuku imadziwa. Ikasiya dzira ndiye kuti mulibe kanthu."

"Komatu ndi a bakha awa, bambo a Nadia."

"Olo akhale a ngwazi. Limodzi likangophulikira m'khitchinimu, sabata yonse tidyera panja. Mukawataye kudzala lero lomwe."

Mazirawo sanali ogula. Anachokera ku Chikamveka, kwa achemwali ake a Zuleka, omwe anamwalira mu Epulo. A Zuleka ankaweta abakha a mtundu womwe mayi awo anabwera nawo kuchokera ku nyanja ya Chilwa kalekale, akuda okhala ndi khosi loyera. Pa sadaka ya masiku makumi anayi alendo anachuluka, ndiwo zinachepa, ndipo alamu ake a Safina, amuna a malemuwo, anapha abakha onse, ngakhale wamkazi yemwe anali akuikira. Safina anafika atawasosola kale nthenga. Pa maliro munthu sufunsa za ziweto. Anangozungulira kuseri kwa bafa, natola mazira omwe anatsala m'chisa, nkuwakulunga mu mpango. Mwa zonse za achemwali ake, iye anatenga zimenezo basi.

Kwawo kuphiri analibe bakha. Koma thadzi lake linali litangoyamba kufungatira, choncho tsiku lomwelo anawasakaniza ndi mazira a nkhukuyo. Iye ntchito yake inali yogulitsa magalagadeya ndi sitiroberi mumsewu wokwera phiri, ndipo abakha anali asanawetepo. Ankangodziwa kuti dzira ndi dzira.

Che Idi atapita, Safina anakhala pafupi ndi mafuwa kuyang'ana dengulo nthawi yaitali. Anatenga dzira limodzi nkuligwedeza pakhutu. Silinachite khochokhocho ngati losukusa, koma silinanenenso kanthu. Kunja nkhungu ya mwezi wa Juni inali itaphimba mitengo. Cha m'ma teni anadzuka, naika mazirawo m'lichero, nkupita kuseri kwa nyumba.

Anaima patali ndi dzala, natsina mphuno, nkutembenuzira nkhope kumbali. Anaponya loyamba. Anaponya lachiwiri. Lachitatu linagunda mwala nkumveka phwa.

Ali pafupi kutola lachinayi, anazindikira kuti fungo kulibe. Dzira losukusa limaphulika ngati mfuti ndipo ntchentche zimafika munthu usanatembenuke. Apa kunali zii. Anamasula mphuno, nayandikira, nasuzumira.

Pamwalapo panali magazi. Pakati pa zigoba panagona kanthu konyowa, kakuda, ka mutu waukulu, kali ndi chikasu cha dzira pamimba. Kanatambasula mwendo. Zala zake zinali zolumikizana. Kanatsegula kamlomo kake kophwatalala, nkutseka, nkutsegulanso, popanda mawu.

Safina anayang'ana awiri aja omwe anayamba kuponya. Limodzi linali litang'ambika pakati, ndipo m'kati mwake nkuti mukugwedera.

"Mayo ine! Achemwali! Ndapha, ine ndapha!"

A Fanny, mayi wachikulire wa kumunsi kwa damu la Mulunguzi yemwe amaweta nkhuku ndi abakha, ankadutsa m'kanjira ka kuseriko atasenza nkhuni. Anagwetsa mtolo nkuthamanga.

"Nchiyani amake Nadia? Njoka?"

Safina anangoloza. A Fanny anasuzumira, nagwira pakamwa.

"Ayi! Mwawaika liti amenewa?"

"Tsiku la sadaka. Pamodzi ndi a nkhuku."

"Tsiku limodzi? Chisa chimodzi?" A Fanny anawomba m'manja kamodzi. "Inu mayi inu! Nkhuku ndi masabata atatu, bakha ndi asanu. Mumayamba mwaika a bakha, papite masabata awiri, kenako a nkhuku, kuti aswere limodzi. Nanga thadzi likamva ana ake akulira likhalirenso alendo? Anakuuzani ndani kuti asukusa?"

"Bambo a Nadia."

"Iwo aja akadule paini, za mazira awasiyire eni ake."

Safina anali atagwada, akufuna kutola kamwana ka pamwala paja. A Fanny anamugwira mkono.

"Asiyeni awo, apita. Otsalawa ndi angati?"

"Atatu."

A Fanny anatenga limodzi nkuligunditsa pa chikope chawo, natseka diso. "Kakadalimo kamoto, koma kakutha. Dengu linali kuti?"

"Pafupi ndi mafuwa."

"Ndiye chawapulumutsa. Aikeni pachifuwa, m'kati, akhudze thupi. Mangani chitenje molimba. Kwathu kuli msoti wangoyamba dzana kufungatira. Ake ndichotsa, ana akazinga."

"Mutaye mazira anu chifukwa cha ine?"

"Yendani, mayi. Tikamba m'njira."

Anatsetsereka m'kanjira kotsata mtsinje wa Mulunguzi, mtolo wa nkhuni utatsala pomwe unagwa. Miyala inali yoterera ndi nkhungu. Safina anayenda manja onse ali pachifuwa, osagwira mtengo ngakhale potsika moipa. Mazirawo ankamuzizira pakhungu ngati ayezi. Sanalire. Maso ake ankangoona kamlomo kaja kakutsegula ndi kutseka, ndipo pa phazi lililonse ankawerenga: loyamba, lachiwiri, lachitatu. Akanayang'ana ataponya loyamba, awiri akanakhala moyo.

Msoti wa a Fanny unafufuma nkuwajompha, koma atauikira mazirawo unawakokera pansi ndi mlomo nkukhala.

Madzulo Che Idi atabwera, Safina sanawakalipire. Anawatengera kudzala dzuwa lisanalowe. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, navula chipewa, kenako anakatenga khasu nkukwirira okha.

Masabata awiri otsatirawo, Safina ankati akamaliza kugulitsa zipatso ankatsikira kaye kwa a Fanny. Ankaviika zala m'madzi ofunda nkuwaza mazirawo, monga anamuphunzitsira, poti bakha mwini wake amabwerera pachisa nthenga zili zonyowa.

Lolemba la sabata yachisanu foni yake inalira ali mumsewu, lichero lili m'manja. Anali a Fanny.

"Siyani makasitomala, amake Nadia. Alendo anu akugogoda."

Anaswa awiri, limodzi tsiku lomwelo, lina mawa lake. Tianato tinali takuda, tili ndi chikasu pakhosi pomwe nthenga zoyera zidzamere. Safina anatigwira m'manja.

Dzira lachitatu silinagogode. A Fanny analigwedeza pakhutu, napukusa mutu. "Ili ndiye lasukusadi. Imvani nokha."

Safina anamva khochokhocho momveka bwino. Komabe analibwezera pansi pa msoti.

"Likhale kaye mpaka Lachisanu."

"Linunkhitsa khola langa, mayi."

"Ndidzakolopa ine."

A Fanny anamuyang'ana, nalisiya dziralo pomwepo. Lachisanu litakwana, Safina anakumba kadzenje kuseri kwa khola, naliika pansi bwinobwino osaliswa, nkukwirira. Kenako anakulunga tiabakha tiwiri tija mu mpango womwe anabweretsera mazira kuchokera ku Chikamveka, nayamba kukwera phiri.