Megabaiti Imene a Dyson Anakalanda

Chaka cha 2004, sekondale ina yoyendera kuseri kwa msika wa Migowi inalandira makompyuta khumi kuchokera ku bungwe lina. Anali okalamba, achikasu ngati mano a munthu wa fodya, koma ankayaka. Abungwewo anasiya mawu: tibweranso pakatha miyezi itatu, ndipo tikadzawapeza ali gone, tidzawanyamula kupita nawo ku sekondale ya ku Jenala. Makompyutawo akanapita, ntchito ya Fyness ikanapita nawo, poti mtsikanayu anamuchotsa pa taipi ya riboni n'kumuika woyang'anira chipinda cha makompyuta chifukwa cha iwowo basi.

Miyezi iwiri ndi theka zinthu zinayenda. Kenako kunatulukira a Dyson.

A Dyson anali mlamu wa ahedi, a Nakhumwa. Anakhalako ku Limbe zaka zitatu, n'kubwerako ndi tayi, sikuludilaiva ya m'thumba la malaya, ndi setifiketi yokutira pulasitiki imene sankalola munthu kuigwira. Fyness atawaona akupukuta sikirini ndi mpango wa mamina, anadziwa kuti dera lalandira katswiri.

Loweruka a Dyson anadzitsekera m'chipindamo kuti akuchita sevisi. Lolemba makompyuta anayamba kufa. Mwana akatsegula chinthu chimodzi, zili bwino. Akatsegula chachiwiri, chachitatu, sikirini inkachita mizeremizere ngati chitenje chosuluka, kenako zii.

"Fumbi," anatero a Dyson, n'kuwapopa onse ndi pampu ya njinga.

Anafabe.

"Kutentha. Makina awa anapangidwira kwa azungu, asisi. Inu simungazimve."

"Zoona, a injiniya," anatero Fyness. "Kutenthaku kwayamba Loweruka."

Fyness analibe setifiketi ya pulasitiki, koma anali ndi matenda a mataipisiti: chilichonse chodutsa m'maso mwake ankachikopera. Tsiku limene mayi Belita a kubungwe ankaika makompyutawo, iye anakhala pambali pawo ndi kope, kulemba lemba ndi lemba, n'kumafunsa mpaka mayiwo kutopa. Mmenemo ndi mmene anaphunzirira za kenelo, pulogalamu yaikulu imene imagawa malo m'memore ya kompyuta, malo oyezedwa m'mamegabaiti. Kenelo ndi kapitawo wa msika, koma wabodza. Pulogalamu iliyonse amaiuza kuti msika wonse ndi wako, pomwe pa mapu ake akudziwa benchi yeniyeni imene waikhazikapo. Bodzalo limayenda bwinobwino malinga mapuwo ali olondola.

Lachitatu masana Fyness anatsegula failo imene kompyuta imawerenga poyaka, n'kuiyerekeza ndi kope lake. Mzere umodzi kunalibe. Unali mzere wouza kenelo kuti pakati pa megabaiti ya khumi ndi chisanu ndi yotsatira yake usapondepo, malowo ali ndi mwini wake, kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini. Makina akalewa sankadziwa kuzinena okha zimenezi. Tsopano kenelo, malo akayamba kuchepa, inkakhazika pulogalamu pabenchi ya mwini wake, awiriwo n'kumalemberana pamutu mpaka zonse kugwa.

Anakawapeza a Dyson mu ofesi ya ahedi, akudya chinangwa chootcha, tayi ataiponyera kumsana.

"A injiniya, mzere uja mwauika kuti?"

A Dyson sanakane n'komwe. Anatukumuka ngati finye.

"Mwaona, alamu? Ntchito yanga yaoneka. Pabokosi alemba megabaiti makumi atatu ndi ziwiri. Sikirini inkati makumi atatu ndi imodzi. Inayo inapita kuti? Abungwe amenewa amatiyesa ogona. Ine ndakailanda, makompyuta onse khumi."

"Malowo si athu, bambo."

"Si athu bwanji, ali m'bokosi mwathu? Kwathu ku Mkhumba ukasiya mzere umodzi wosadzala, mawa umapeza mnansi wadzalapo nandolo. Malo sagona, asisi."

"Ndiye kwanuko mumalima ndi pamanda pomwe?"

A Nakhumwa anatsokomola. Iwonso anali munthu woti anakhalapo pabwalo zaka ziwiri chifukwa cha malire a phazi limodzi, choncho mawu a mlamu wawo anawalowa ngati nyimbo ya kutchalitchi. Kuonjezera apo, nyumba imene ankagonamo inali pamalo a akazi awo, mlongo wawo wa a Dyson.

"Fyness," anatero, "zobweza megabaiti ija iwalani. Zimenezi zisiyireni amuna anaphunzira. Musakhudzenso."

"Chabwino, bwana."

Lachinayi, amuna ophunzirawo atapita kumsika kukadya kanyenya, Fyness anatseka chitseko. Kompyuta ndi kompyuta, anabwezera mzere uja, kuzimitsa, kuyatsa, kutsegula zinthu zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi kuti aone ngati igwe. Siinagwe. Anakonza asanu ndi anayi. Yachikhumi, yakutsogolo, imene a Dyson anaiyalira kansalu koluka n'kumaitcha yawo, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaipukuta fumbi bwinobwino n'kuisiya ndi megabaiti yake yonse.

Lachisanu mayi Belita anafika pagalimoto yoyera, dalaivala atapinda kale mipando yakumbuyo, poti mbiri inali itawapeza kuti ku Migowi zinthu zafa. Ana anakhala pa makompyuta asanu ndi anayi, a Dyson pa yawo.

"Madamu," anatero a Dyson ataimirira, "muona zimene takonza pa ntchito yanu."

Anatsegula chinthu choyamba. Chachiwiri. Pa chachitatu anatembenuka kuti amwetulire, ndipo ana anaphulika kuseka iwo asanaone mizeremizere kumbuyo kwawo.

"Magetsi achepa," anatero.

"Achepa pa tebulo lanu lokha?" anafunsa mayi Belita, akuyang'ana ana akutaipa osadodoma. Anakhala pansi, kuyatsanso kompyutayo, kutsegula failo ija. Anaiwerenga kawiri. "Mzere wanga anachotsa ndani?"

A Nakhumwa anapeza chinthu chofunika kwambiri kudenga.

"Ndimati isagone," anatero a Dyson, mawu atachepa.

"Isagone chiyani?"

"Megabaiti, madamu."

Mayi Belita anaseka mpaka kuvula magalasi. "Nanga enawa wabwezera ndani?"

Fyness anangokweza kope lake. Mayiwo anamusunthira mpando, iye n'kutaipa mzerewo osayang'anamo n'komwe. Kompyuta inayaka, n'kunena makumi atatu ndi imodzi, a Dyson n'kuyang'ana kumbali ngati akuona mbuzi yawo ikupita ndi wakuba.

"Makompyutawa akhala pompano," anatero mayi Belita posaina pepala. "Koma kiyi wa chipinda chino akhale ndi mtsikanayu yekha. Ahedi, mwamva?"

"Ine ndakhala ndikunena, madamu," anatero a Nakhumwa, akumasula kiyi palamba mofulumira. "Mwana ameneyu ndinamuona kalekale."

A Dyson anakwera kabaza pageti. Mpaka pamsika anali akumufotokozerabe wopalasayo kuti vuto la anthu a kuno n'loti ukawabweretsera chitukuko amachibweza.