Nsagwada ya Jailos

Nesi atangotuluka m'wodi, aNambewe anasolola chigubu cha thobwa m'chikwama n'kuyamba kumwetsa mwana wawo ndi supuni. Mwanayo anali Jailos Mwale, bambo wandevu zake, amene ng'ombe inamuponda chibwano akumanga ngolo kwawo ku Mkaika n'kumuthyola nsagwada. Mkazi wake, Mable, ankaona zonsezi atakhala pansi pambali pa bedi.

"Amayi, paja anena kuti asadye kanthu mpaka opaleshoni ithe," anatero chapansipansi.

"Thobwa n'chakudya? Munthu apite kumpeni ndi njala ngati alibe abale? Inu khalani chete, ameneyu ndinabala ndine."

Jailos ankangomeza movutikira, lina likutsikira m'khosi mwa malaya, mpaka chigubu chinafika pakati.

Mable anali wachitengwa, khomo lake linayang'anizana ndi la apongoziwo, ndipo chikwatiwire anali asanawatsutsepo pagulu. Koma dzulo lake nesi anali atamuuza mosabisa kuti munthu akagonetsedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya, amatha kusanza ali m'tulo, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Ena sadzukanso.

Dokotala atafika anafunsa ngati wodwalayo walawa kalikonse.

"Ngakhale madzi, adokotala," anayankha aNambewe, nkhope ili gwa.

Jailos anangoyang'ana kudenga. Anesi anayamba kukankha bedi. Mable anamva mantha.

"Amwa thobwa," anatero. "Theka la chigubu."

Dokotala sanafunse amene wawamwetsa. Supuni inali ikadali pamwendo pa aNambewe, ndipo wodi yonse inaiona.

"Ndiye sitiwagonetsa," anatero dokotala. "Wogonetsa anthu akuchoka masana ano, abwera sabata yamawa, pamene fupa silidikira, limayamba kugwirana mokhota. Koma njira ina ilipo. Tiwabaya jakisoni m'kamwa, kuseri kwa mano, nsagwada yonse ichite dzanzi, tigwire ntchito ali maso. Ululu saumva, koma kukoka ndi phokoso la zitsulo azimva. Mulimba mtima, aMwale?"

Jailos anatseka maso kanthawi, kenako anakweza dzanja kuvomera.

Azimayi awiriwo anakadikira pabenchi panja, pakati pawo patatsala malo okwana munthu.

"Mwandivula pagulu," anatero aNambewe osamuyang'ana. "Mwana wanga akuchekedwa akuona chifukwa cha pakamwa panu. Kumudzi tizikuitanani adokotala tsopano, poti nzeru zakuchulukirani."

Mable manyazi anali nawo, koma sankaona chimene akanapepesera.

Dzuwa litapendeka anamutulutsa Jailos, maso ali tong'o, thukuta lili pamphumi, mano apamwamba ndi apansi atamangidwa pamodzi ndi waya. Nesi anati zayenda bwino, koma lilime likadali dzanzi, asamuyankhulitse. Kudya kwake kukhala phala lamadzimadzi mpaka fupa ligwire.

"Zimenezo ndizitha ndekha," anatero aNambewe. Anatembenukira kwa Mable. "Inu tengani katundu wanu mupite kwanu ku Sinda, mukapume. Tikakufunani tidzatuma munthu."

Mable ankadziwa kuti kupuma kotereku ena sabwererako. Anayang'ana mwamuna wake, koma pakamwa pomwe pakanamuikira kumbuyo panali potseka. Anawerama kuti anyamule mtolo wake.

Jailos anatambasula dzanja n'kumugwira pamkono.

"Musiye apite, iwe," anatero amayi ake.

Sanamusiye. Anayang'ana amayi akewo m'maso, malovu akutsika pambali pa mlomo, dzanja lili chigwirire. Kenako aNambewe anamanga bwino chitenje chawo, n'kufunsa nesi kumene angakwerere minibasi yobwerera ku Mkaika.