Makina Pakhonde, Ng'oma M'chipinda

Atelala ankasokera pakhonde, chifukwa chipinda choti azisokeramo chinadzaza ndi ng'oma za malemu amuna awo. Ng'oma za bandi zija: yaikulu yoponda ndi phazi, zing'onozing'ono pamwamba pake, ndi mbale zachitsulo zolira ngati wina wagwetsa ziwiya zonse za m'nyumba. Mvula ikabwera ndi mphepo, nsalu za eni ake zinkanyowa, ng'oma zili phee m'katimo, zouma ngati mabwana.

Mzime wawo, mtsikana wamkulu woti bwenzi akuthandiza kudula nsalu, ndiye anaziika pamtima. Masana aliwonse ankadzitsekera m'menemo. Koma anali ndi matenda amodzi: kuthamanga. Ankayamba bwinobwino, du-tsa, du-du-tsa, koma akangoyendetsa timitengo pa ng'oma zing'onozing'ono zija kuti akometse, ankabwerera ali kutsogolo kwa nyimbo ngati wathamangitsidwa ndi galu.

Atelala sankachita kuuzidwa. Phazi lawo pa chopondera cha makina linkangotsatira ng'omazo, ndiye mwana akathamanga, msoko unkakhota.

"Iwe! Wandikhotetsera mpendero wa diresi la mwini wake! Ukuthamangira kuti, basi yakusiya?"

"Mwendo ukungopita wokha, amayi."

"Ndiye uumange chingwe."

Tsiku lina kunabwera alamu awo, mng'ono wa malemuyo, amene anali ndi bandi yawoyawo, ng'oma zake zong'ambikang'ambika.

"Alamu, ng'oma za achimwene zikungoonongeka muno. Ndipatseni zikagwire ntchito."

Atelala sankapereka ngakhale batani popanda kunenerera. Anadula ulusi ndi mano.

"Mubwere Loweruka mudzamumve. Akathamanga, nyamulani zonse ndi fumbi lomwe, ine ndilowetse makina anga. Akaigwira nyimbo mpaka kumapeto, ng'oma sizichoka, ndipo mumutenga mu bandi yanuyo. Osati kokanyamula mawaya. Kokakhala pampando wa ng'oma."

"Koma ndiye mwakhwimitsatu, alamu."

"Ndinakuitanani?"

Mumtima Atelala ankadziwa kuti chipinda chapezeka basi. Mwana uja anali asanamalizepo nyimbo osathamanga.

Ndiye kunabwera ntchito ya makatani. Msoko wa katani ndi wautali, wowongoka, sufuna nzeru. Kunja kunatentha, fumbi likuyandama pa kuwala kwa dzuwa, ndipo Atelala anayamba kuodzera maso ali chitsegulire, phazi likungodziyendera. Tiki-taka, tiki-taka. Nsalu inkatsika kuseri kwa makina ngati madzi. Anawaona amuna awo atakhala pansi pompo, atatsamira mwendo wa makinawo monga ankachitira kale, akumenya maondo awo ndi zikhatho, akuti, "Mayi, musaime. Wotchi yanga ndinu." Kale Atelala ankawayankha kuti ulesi basi, adzuke akafune ganyu. Tsopano anangoponda, ndipo zikhatho zija zinkamveka, du-tsa, du-du-tsa, osafulumira, osatsalira.

Anadzidzimuka. Sizinali zikhatho. Zinali ng'oma m'chipindamo. M'malo moti iwo atsatire mwana, mwana ndiye ankatsatira makina kudzera pazenera. Anayang'ana msoko: wowongoka kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

M'mawa mwake anakokera makina pafupi ndi zenera lija.

"Mwasunthiranji, amayi?"

"Dzuwa. Nawenso ufune ndikuuze chilichonse?"

Loweruka alamu anafika ndi galimoto yobwereka, zingwe zomangira katundu zili kale m'manja. Anaima pakhomo la chipinda. Mzime anakhala pampando wa bambo ake. Atelala anaika katani lina pansi pa singano, n'kuyamba kuponda. Mwana anamvetsera pang'ono, kenako analowa. Du-tsa, du-du-tsa.

"Alamu, taimitsani makinawo ndimve bwino."

"Pakhonde panga? Katani la mwini wakeli musoka ndinu?"

Alamu anayang'ana phazi la Atelala, anayang'ana phazi la mtsikana, n'kuseka.

"Ohoo! Ndiye pa siteji tizinyamulanso makinawa? Muzikwera nawo galimoto, alamu?"

Mawuwo anawabaya Atelala, chifukwa anali oona. Mwana woyenda atagwiridwa dzanja sanayambe kuyenda. Ndipo malo aja ankayandikira, pamene timitengo timachoka n'kukazungulira ng'oma zing'onozing'ono, pamene mwanayo ankagwera nthawi zonse. Atelala akapitiriza kuponda, alamu adzati zachinyengo. Akaima, mwina chipinda chikhala chawo lero lomwe, ndipo m'nyumbamo simudzamvekanso phokoso la malemu aja.

Anachotsa phazi.

Gudumu la makina linazungulira lokha pang'ono, n'kuima. Timitengo tinanyamuka. Tinayenda pa ng'oma yoyamba, yachiwiri, n'kutsikira pa yapansi ngati munthu wotsika masitepe a kwawo mumdima, wodziwa pamene pali sitepe lililonse. Mbale yachitsulo inalira, ndipo ng'oma yaikulu inagwa pomwe singano ikanagwera. Du-tsa, du-du-tsa. Atelala anapeza kuti phazi lawo likuponda m'malere, likutsatira mwana.

Nyimbo itatha, alamu anakanda kumutu, n'kupinda zingwe zawo.

"Lachiwiri abwere tidzayeserere limodzi."

"Ndi timitengo tatsopano. Mugula ndinu."

"Zimenezo sitinapangane, alamu."

"Tapangana pano. Ndipo muzimubweretsa pakhomo pano nokha, kusanade."

Galimoto inapita yopanda kanthu. Kumwamba kunali kutayamba kale kuda, ndipo madontho oyamba anagwera pa katani la mwini wake. Atelala anadzuka akung'ung'udza, akufunafuna pulasitiki yovundikira makina. M'chipinda mouma muja mwana anali atayambiranso, pang'onopang'ono.

"Iwe! Tasiya zimenezo udzandithandize, sukuona mvula?"

Ng'oma zinati zii.

Atelala anaima, pulasitiki ili m'manja, mvula ikuwanyowetsa msana.

"Wasiyiranji? Ndivundikira ndekha. Imba."